Sitima za ku China pa Chunyun: momwe ndinayendera kuchoka Guangzhou kupita Wuhan

Anzanga angapo amene angobwera kumene kudzaphunzira kuno ku China akhala akundifunsa ngati n'zotheka mwana wasukulu wochokera kunja kukwera sitima nthawi ya Chaka Chatsopano cha kuno, poti ena anawaopseza kale kuti usayerekeze, ukagona pa siteshoni masiku atatu. Nde ndati ndifotokoze momwe ndinayendera ine mu January 2025, kuchoka ku Guangzhou komwe ndikuphunzira kupita ku Wuhan, popita pa sitima yoyenda pang'onopang'ono yausiku, pobwera pa yothamanga ija amati gaotie. N'zotheka ndithu, ndipo sitima zake ndi zodalirika, koma nkhondo yonse ili pa tikiti, komanso ife oyendera pasipoti pali tinthu tina timene timatisokoneza timene eni dziko sakumana nato nkomwe.

Nyengo imeneyi amaitcha Chunyun, imatenga masiku 40, kuyambira masiku 15 Chaka Chatsopano chisanafike. Cha 2025 chinali pa 29 January, chaka cha njoka, nde Chunyun inayamba pa 14 January mpakana 22 February, ndipo m'masiku amenewo maulendo a pa sitima okha anaposa 500 miliyoni. Chimene muyenera kumvetsa ndi choti anthuwa sayenda chisawawa, amalowera mbali imodzi. Chigawo cha Guangdong chadzadza ndi anthu ochokera ku zigawo za Hunan, Hubei (kumene kuli Wuhan), Sichuan, Guangxi amene amagwira ntchito m'mafakitale ku Dongguan, Shenzhen, Foshan ndi mu Guangzhou momwemo, ambiri a iwo ana awo ndi makolo awo amawaona kamodzi pa chaka, pa nthawi imeneyi basi. Ndiye chikondwerero chisanafike aliyense akutuluka mu Guangdong, chikatha aliyense akubwerera. Ine ulendo wanga unali wotsata khamulo popita ndi pobwera pomwe. Ukamayenda mosemphana nawo matikiti savuta choncho.

Chifukwa chimene ndinapitira, pa sukulu nthawi imeneyi pamakhala zii, malo odyera ambiri amatseka, mashopu a panja pa geti eni ake amapita kwawo, chaka choyamba ndinakhala ndekha m'chipinda masabata atatu ndipo kusungulumwa kwake kunandipweteka kwambiri. Nde mnzanga wa m'kalasi atandiuza kuti amayi ake akuti ndipite naye kumudzi kwawo kunja kwa Wuhan, sindinaganize kawiri.

Tikiti imagulidwa pa 12306, ndiyo app yeniyeni ya a njanji, ilinso ndi mbali ya Chingerezi. Tikiti iliyonse imamangidwa ku dzina la munthu ndi nambala ya chiphaso chake, nde sungagulire wina popanda kulemba pasipoti yake, sungagulenso kwa munthu panjira. Langizo langa loyamba, lembetsani akaunti mwezi wathunthu usanafike ulendo, mujambule pasipoti bwinobwino mutumize kuti akutsimikizeni, dzina mulembe ndendende momwe liliri m'pasipotimo, olo muli ndi maina atatu aatali lembani onse. Yanga anaitsimikiza pa foni pomwepo osapita ku siteshoni, zimenezo ndinayamikira. Kulipira ndi pa Alipay kapena WeChat, ma app olipirira pa foni.

Matikiti amatsegulidwa kutatsala masiku 15, kuwerengera ndi tsiku la ulendo lomwe, ndipo siteshoni iliyonse ili ndi ola lake lotsegulira. Ife timafuna kunyamuka pa 25 January, nde pa 11 January tinakhala pansi awiriwiri mafoni ali m'manja, chala chili chire. Nthawi itakwana ndinadina, sikirini inazungulira pang'ono, pobwera yonse yalembedwa kuti atha. Mphindi imodzi siinakwane. Gaotie atha, mabedi atha, mipando yatha. Mtima unangoti myuu.

Apa mpamene ndinatayira ndalama. Pali ma app ena apadera amene amati ukawonjezera kenakake akuthamangitsira tikiti, ndinalipira ku imodzi mwa amenewo, masiku awiri akungondionetsa kachizindikiro kozungulira, kenako akuti ndiwonjezerenso kuti liwiro likwere. Palibe chimene chinatuluka, ndipo ndalama yowonjezerayo kuti ibwerere ndinachita kulimbana nawo. Musapusitsidwe abale anga, iwowo alibe matikiti awo obisa, amakagula kumene mukugula inu komweko. Chimene chinandithandiza ndi houbu, mndandanda wodikirira wa pa 12306 pomwepo. Umasankha masitima angapo ndi masiku angapo, umalipiriratu, wina akabweza tikiti kapena akawonjezera mabogi amakupatsa motsata mzere, ikakanika ndalama imabwerera yonse. Patatha masiku 5 foni inalira m'mawa, ndapeza yingzuo, mpando wolimba, pa sitima yausiku ya mtundu wa K, ija yoyenda pang'onopang'ono, yopita ku Wuchang, imodzi mwa masiteshoni a mu Wuhan. Mnzanga anapeza wuzuo pa sitima yomweyo, ndiye kuti tikiti yopanda mpando, yoimirira. Mtengo wake ndi umodzimodzi ndi wa mpando, yonse inali pansi pa 150 yuan, ndalama ya kuno, ndipo ineyo ndimaona kuti woimirira usiku wonse amayenera kulipira zochepa, koma lamulo lake ndi limenelo.

Za siteshoni, werengani tikiti yanu kawiri. Guangzhou ili ndi masiteshoni akuluakulu angapo, Guangzhou, Guangzhou East, Guangzhou South ndi Guangzhou Baiyun, ndipo ndi otalikirana zedi. Baiyun ndi yatsopano, anaitsegula mu December 2023, ndipo masitima ambiri oyenda pang'onopang'ono anawasamutsira kumeneko, yathunso imanyamukira kumeneko. Tinafika kutatsala maola awiri ndipo sindinaone kuti tafulumira. Polowa katundu yense amadutsa pa makina, nawenso amakusecha, mpeni waukulu sulowa, power bank ikhale yolembedwa mphamvu yake ndipo isapose 100Wh, katundu wa munthu wamkulu amati 20 kg. Tikiti ya pepala kulibe, chiphaso chako ndiye tikiti. Anzathu eni dziko amangogunditsa ID yawo pa geti n'kudutsa, ife a pasipoti mageti ena amaiwerenga ena ayi, nde ine ndimangopita kumapeto kwa mzere wa mageti kumene kumaima munthu woyang'ana pamanja. Mayi amene anali pamenepo anatenga pasipoti, anaiika pa kamakina, anandiyang'ana, basi dutsani. Koma mzere umenewo ndi umenenso amadutsa agogo, a ana akhanda ndi aliyense amene geti lamukana, ndiye umachedwa, ndipo geti lolowera ku pulatifomu amalitseka kutatsala mphindi zochepa sitima isananyamuke, akatseka atseka. Mukamva aitana sitima yanu musakhale kumbuyo.

Holo yodikirira inali thithithi. Anthu atakhalira zikwama, ena atagona pa makatoni, matumba akuluakulu amizeremizere, mabokosi a mphatso ofiira, bambo wina atanyamula fani pamsana, wina kanjinga ka mwana katsopano kali m'pepala. Chimene chinandidabwitsa ndi choti khwimbi lonselo limayenda mwadongosolo, zikwangwani zikuonetsa geti ndi nthawi, nambala ya sitima ndi manambala owerengeka olo sudziwa zilembo zawo, pali achinyamata ongodzipereka ovala majekete owala akulondolera anthu. Sitima inanyamuka pa nthawi yake ndendende.

Tsopano m'bogimo, apa ndiye ndikhalitsepo. Mpando wolimba si wathabwa ayi, uli ndi kansalu ndi kasiponji, koma msana wake ndi wowongoka ngati khoma ndipo supendekeka. Mbali ina amakhala atatu, mbali ina awiri, moyang'anana, pakati pali katebulo kakang'ono kofika kwa a pa windo okha. Bogi imodzi ili ndi mipando 118 koma usiku umenewo anthu analimo ochuluka kuposa pamenepo, kanjira ka pakati kadzadza a wuzuo, ena abwera ndi timipando topinda, ena atembenuza ndowa za penti zimene anyamuliramo katundu n'kukhalira, ena ali polumikizira mabogi pafupi ndi chitseko atafunda majekete. Magetsi sazima usiku wonse. Ine ndi mnzanga tinagwirizana kuti tizisinthana mpando wanga ola ndi ola, ndipo kuimirira ola lathunthu pamalo pamene sungasunthe phazi, mwendo umachita dzanzi mpakana m'chiuno.

Moyang'anana nafe munali mayi wina wachikulire wobwerera ku Hunan, amagwira ntchito yosoka ku Dongguan. Kuno mzimayi wa msinkhu wa amayi ako umamuitana kuti ayi, ndi ulemu, liwu lake limamveka ngati ayi wathu wokana uja nde masiku oyamba limandivuta pakamwa, koma pano ndinazolowera. Poyamba ankangondiyang'ana, kenako anafunsa mnzangayo ngati ndimamva chilankhulo, nditayankha ndekha nkhope yawo inamasuka. Kwanu nkuti? Ndinati Malawi, iwo anamva Malaysia, zimenezi zimachitika pafupifupi tsiku lililonse poti maina awiriwa m'chilankhulo chawo amayamba mofanana, ndinatulutsa mapu pa foni kuwaonetsa nyanja yathu ndi maiko oyandikana nawo, anthu ngati asanu anaweramira pa foniyo. Anafunsa kuti ndinawaona liti amayi anga komaliza. Nditati papita zaka ziwiri anakhala chete kaye, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa timalalanje titatu ndi dzira lowiritsa n'kundiika m'manja, nditakana mwaulemu anandipinda zala okha kuti ndigwire. Anati mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 14 ndipo amakhala ndi agogo ake, anamuona komaliza February wapitawo. Anandionetsa nsapato zoyera zimene amugulira, anazitulutsa m'bokosi, n'kuzipukuta ndi mkono wa juzi ngakhale zinalibe fumbi, n'kuzibwezeramo. Misozi inalengeza ndithu, ndinayang'ana ku windo.

Itakwana nthawi ina ya ine kuimirira, anasendera n'kundisiyira kachidutswa ka mpando wawo, kongokwana theka la thako, akuti khala mwana iwe, njira ndi yaitali. Usiku wonse zinali choncho m'bogi monse, wa mpando akapita ku chimbudzi wa wuzuo amakhalapo kaye, mwini wake akabwera amadzuka popanda mkangano, ena amamusiya akhalebe kanthawi.

Chakudya cha m'sitima imeneyi ndi ma noodles a m'kapu, ndipo kumapeto kwa bogi iliyonse kuli pompi ya madzi owira aulere, chimenechi ndinachikonda kwambiri, madzi ake sanathe usiku wonse. Kungoti kuyenda ndi kapu ya madzi owira kudumpha miyendo ya anthu ogona pansi pamafunika kusamala zedi. Fungo la ma noodles, malalanje ndi njere za mpendadzuwa zimene aliyense amatafuna ndi limene limakhala m'bogimo. Kangolo ka malonda kamadutsabe ngakhale kanjira kadzadza choncho, wogulitsa akuitanira mowa, zakumwa, madzi, mtedza, n'kumapempha kuti pindani miyendo, anthu onse a m'kanjira amadzuka ndi ndowa zawo, kakadutsa amakhalanso. Mitengo yake ndi yokwera kuposa panja nde gulirani zanu musanakwere. Mutengenso tishu yanu. Chimbudzi ndi chonjuta, ndipo ndi kuchuluka kwa anthu mzere wake ndinaima mphindi pafupifupi 20, ogwira ntchito ndinawaona akukolopa ndi kutolera zinyalala kangapo koma anthu ochuluka choncho pa zimbudzi ziwiri, pofika pakati pa usiku musayembekezere zambiri. Ine ndinachepetsa kumwa madzi. Pochajira foni m'bogi yathu panali pochepa ndipo pamakhala pali kale anthu, power bank ndiyo inandipulumutsa.

Ndinene chilungamo pa nkhani ya khungu, poti ndikudziwa ndi imene ambiri mukufuna kumva. Kuyang'anidwa mudzayang'anidwa, ambiri mwa anthu a m'sitima zimenezi sanakhalepo pafupi ndi munthu wakuda. Ambiri ndi chidwi chabe, mwana wina anabwera kudzandigwira dzanja n'kuyang'ana chala chake, amayi ake anapepesa kwambiri, ineyo sizinandikhumudwitse. Koma mnyamata wina anandilozetsa foni kwa nthawi yaitali akujambula vidiyo osandipempha, zimenezo zinandiwawa, munthu watopa uli ndi tulo wina akukuonetsa kwa anzake ngati chinthu. Ndinamuuza m'chilankhulo chawo kuti chonde usandijambule, mayi aja anamukalipiranso, anatsitsa foni ndipo sanabwerezenso. Phunzirani kachiganizo kameneko musanakwere, ndipo mukanene modekha.

Bambo wina wa pambali pathu, womanga nyumba, ataona ndikudandaula za kuthinana anandiuza kuti iye analipo pa siteshoni yakale ya Guangzhou mu January 2008, chaka chimene chipale ndi madzi oundana zinagwetsa mawaya a magetsi ku Hunan, masitima n'kuima, anthu mazanamazana a zikwi n'kutsakamira panja pa siteshoni kwa masiku angapo mvula ikuwagwera. Anati nthawi imeneyo tikiti umachita kugonera pa windo la siteshoni, nde za lerozi kwa iye ndi zopepuka. Atatero ndinasiya kudandaula.

Njanji yake ndi ija yaikulu yochoka Guangzhou kupita Beijing, imadutsa Shaoguan, kulowa Hunan pa Chenzhou, Hengyang, Zhuzhou, Changsha, Yueyang kenako Hubei. Tikamakwera kumpoto kuzizira kumawonjezeka, mawindo anachita nthunzi, amene anali pafupi ndi zitseko anayamba kufunda chilichonse. Tinachoka ku Guangzhou ndi juzi yopepuka, koma musanamizidwe ndi nyengo ya kumeneko, jekete yaikulu ikhale pamwamba pa chikwama. Mayi aja anatsika ku Changsha usiku kwambiri, ndinawathandiza kutsitsa thumba lawo pa shelefu, linali lolemera ngati muli miyala, anandisisita pa mkono n'kunena kuti ndikawaimbire amayi anga. Atatsika anthu a ku Hunan m'bogi munapepukako, mnzanga anapeza pokhala, ndinagona mwina maola awiri mutu uli pa chikwama. Kondakitala amadutsa akutchula siteshoni yotsatira mokweza ndiye kupitirira nkovuta. Tinafika ku Wuchang kutacha, titayenda maola oposa 12, mochedwa ndi mphindi zochepa chabe. Chinthu choyamba mnzanga anandigulira reganmian panja pa siteshoni, ma noodles a ku Wuhan osakaniza ndi chitowe chopera, otentha, ndinadya nditaimirira manja akunjenjemera ndi kuzizira.

Kanthu kena kamene anzathu a kuno sakadziwa, mlendo wochokera kunja akagona pa nyumba ya munthu osati ku hotela, lamulo limati alembetse ku polisi ya m'deralo pasanathe maola 24. Ife tinapita tsiku lomwelo ndi bambo ake a mnzanga, pasipoti yanga ndi chiphaso chawo, sizinatenge nthawi. Musazinyalanyaze, zimadzavuta pokonzanso chilolezo chokhalira m'dziko. Za kumudziko ndi nkhani ina yaitali, ndingoti nyumba za ku Hubei zilibe zotenthetsera za m'makoma ngati za kumpoto nde m'nyumba mumazizira ngati panja, tinkakhala ndi majekete mpakana pogona, ndipo msuzi wa nthiti za nkhumba ndi mizu ya lotus umene anaphika amayi ake usiku wa pa 28 January, wolowera Chaka Chatsopano, sindidzauiwala. Agogo ake anandipatsa ka envulopu kofiira ngati mdzukulu wawo.

Pobwerera holide ya boma inatha pa 4 February ndiye khamu lonse linkatsikanso kummwera, tikiti inavutanso chimodzimodzi, koma ulendo uno ndinalowa houbu tsiku lomwe anatsegula, ndinasankha masitima ambiri, ndipo ndinapeza gaotie. Iyi imanyamukira pa siteshoni yotchedwa Wuhan, osati Wuchang kapena Hankou, n'kukafikira ku Guangzhou South. Njanji imeneyi anaitsegula mu December 2009. Kalasi yachiwiri inandidya kuposa 450 yuan, katatu kuposa yausiku ija, koma mtunda womwe uja wa makilomita pafupifupi 1,000 tinaudula m'maola anayi okha. Mipando ndi A, B, C mbali ina, D ndi F mbali ina, E kulibe, wa pa windo ndi A kapena F, wanga unali F. Umapendekeka, pochajira pali pa mpando pomwepo, kasikirini ka pamwamba pa chitseko kamaonetsa liwiro ndipo ndinaona kakupitirira 300 km pa ola, botolo langa la madzi lili phee pa tebulo osagwedezeka. Kusuta nkoletsedwa kotheratu olo m'chimbudzi. Zimbudzi zinali zaukhondo mpakana kofika. Chakudya ungathe kuitanitsa pa app kuchokera ku malesitilanti a pa siteshoni ya kutsogolo n'kukubweretsera pa mpando, ine ndinaitanitsa mpunga ndi nkhuku, zinandipeza pa Changsha South zikadali zotentha. Pa masiteshoni a panjira imangoima mphindi ziwiri kapena zitatu nde osatsika kukawongola miyendo patali.

Ngati thumba likulola ndipo tikiti yapezeka, gaotie ndiyo yabwino, thupi limafika lili bwino, tsiku lomwelo ndinachapa zovala ndi kuwerenga, pamene popita paja msana unandiwawa masiku awiri. Komabe maola anayi onsewo palibe amene anandilankhula, aliyense maso pa foni, ndipo ndikamakumbukira ulendowu chimene chimabwera m'mutu ndi nsapato zoyera zija. Kwa mtsikana woyenda yekha kapena munthu wa vuto la msana kapena miyendo, mpando wolimba pa Chunyun sindingamulimbikitse, wuzuo ndiye ayi ndithu pa ulendo wa usiku wonse, pokhapokha muli awiri osinthana ngati ife. Mukasintha maganizo tikiti imabwezedwa pa app pomwepo, kukadali masiku 8 kapena kuposa sadula kanthu, mukachedwa amadula 5, 10 mpaka 20 peresenti malinga ndi momwe nthawi yayandikira.

Za Chaka Chatsopano chikubwerachi, amayi ake a mnzanga anditumizira kale uthenga kuti bedi langa lilipo. Ulendo uno ndikufuna yingwo, mabedi aja osanjikizana atatuatatu amene magetsi amazima usiku, lapansi ngati lingapezeke poti ndi limene umatha kukhala tsonga osagunda mutu. Ndidzaika houbu pa masitima onse ausiku opita ku Wuchang mphindi yomwe atsegule, ndipo ndidzanyamula thumba la malalanje langa loti nanenso ndigawireko anthu.